Khola Liyambe, Mbalame Ibwere Pambuyo

Chiyambire masiku a Mfumu Solomoni, amene zombo zake zinkafika kamodzi pa zaka zitatu zitasenza golide, siliva, minyanga ya njovu, anyani ndi mapikoko, mwana wa munthu wakhala wofulumira kusirira mbalame, koma wozengereza kuimangira pogona. Ndipo ngakhale pikoko, mbalame ya ku India ija, sitimuona m'makomo mwathu muno m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, mbale wake nkhanga tili naye, nkhuku ndi nkhunda tili nazo, ndipo chizolowezi chogula chiweto khola kulibe n'chomwecho.

Ndikunena izi maso ali pa Dzaleka. Malo amene anali ndende ya andale m'nthawi ya Kamuzu Banda, nasanduka msasa wa othawa kwawo mu 1994, lero akusunga anthu oposa 50,000 ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda ndi maiko ena. Ndipo pamene thandizo la chakudya likunka licheperachepera, thadzi limodzi loikira mazira ndilo mchere, sopo ndi kope la mwana wa sukulu. Choncho aliyense wakufuna kwabwino amene angaganize zogawa mbalame m'msasamo ndi m'midzi yozungulira, kaya ndi mpingo kaya bungwe, ndimupempha mwaulemu kuti ndalama yoyamba aigulire waya, pakuti nkhanga zomwe zinapangana kusanapse.

Adani a mbalamezi safanana paliponse. Kufupi ndi nkhalango ya Ntchisi, usiku ndi wa vumbwe, fungwe ndi nkhandwe, usana ndi wa kabawi ndi mphamba. Pamene m'msasa, momwe nyumba zinathithikana, wosautsa ndi galu wosokera, mphaka, khoswe, ndi uja wa miyendo iwiri amene saopa waya koma loko. Galu ndi nkhandwe sataya mphamvu n'kulumpha, amafukula pansi. Ndiye mmisiri wanzeru amayamba ndi khasu, nakumba ngalande yakuya masentimita 30 kapena kuposerapo kuzungulira khola lonse, nakwirira waya ataupindira kunja, napsinja ndi miyala. Waya wa nkhuku wopyapyala uja, wa maso akuluakulu, ntchito yake ndi kuletsa nkhuku kutuluka, osati kuletsa chilombo kulowa, pakuti likongwe pamene papyola mutu wake thupi lonse limapyola; m'munsimo, mpaka kufika m'chiuno mwa munthu, pafunika waya wolimba wa maso ang'onoang'ono. Pamwamba patsekedwe chifukwa cha kabawi, ndipo m'kati mukhale mtanda wautali, popeza nkhanga, monganso pikoko, sigona mtima uli m'malo ikakhala pansi. Mapolo a bulugamu apakidwe oilo wakuda kumatsinde kuti chiswe chisawadye, ndipo phulusa lisasowe m'mbali nthawi ya dzinja, pamene linthumbu limatha anapiye onse usiku umodzi.

Ena adzati waya ndi wodula, ndipo mitengo kuzungulira Dzaleka inatha kalekale ndi nkhuni. Akunena zoona. Koma dothi lilipo: mabanja anayi kapena asanu atasonkha, monga achitira ku banki m'khonde, angathe kuumba zidina namanga khola limodzi, waya n'kuusungira pa mazenera ndi pa kabwalo koothera dzuwa. Enanso adzati nkhanga ndi yakutchire, kuitsekera ndi kuizunza. Zikuluzikulu ziziyenda masana, palibe wokana, koma tiana take, timene timaswa patatha milungu inayi pansi pa thadzi la nkhuku, timafa msanga tikanyowa ndi mame, makamaka m'chisanu cha Juni cha ku Dowa kuno. Ndipo pofika tsiku la katemera wa chitopa, wodonthezera m'diso uja, mbalame zogona m'khola lotsekeka mlangizi amazitemera zonse m'bandakucha, pamene zogona mu mtengo wa mango zimatsala zosatemera.