Za Umoyo Wathu: Ulusi Wosaoneka pa Bala la Opaleshoni

Munthu akachitidwa opaleshoni ya pamimba, achibale amakonda kuwerenga ulusi wooneka pakhungu. Komatu dokotala amadula magawo angapo: khungu, mafuta a pansi pake, kenako gawo lolimba logwira minofu. Khungu ndi gawo lolimbalo amazisoka ndithu. Pa mafutawo m'pamene madokotala amasiyana maganizo. Ena amati akapanda kusoka pamatsala mpata wosonkhanamo madzi ndi magazi. Ena amati ulusi wowonjezera umangopatsa tizilombo pobisala.

Mu 2004 akatswiri a ku America anaphatikiza zotsatira za akafukufuku a amayi obereka kudzera mu opaleshoni. Anapeza kuti mafuta akakhala ochindikala kuposa masentimita 2, kuwasoka kumachepetsa vuto la kutseguka kwa bala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mu 2014 bungwe la Cochrane linaunika maopaleshoni osakhudza kubereka, ndipo silinapeze umboni wokwanira wosonyeza njira yopambana inzake.

Choncho dokotala amasankha malinga ndi thupi lanu. Kaya akupatsani tsiku la opaleshoni ku St Gabriel ku Namitete kapena ku Kamuzu Central, mufunseni momasuka mmene adzatsekere balalo. Koma mbali yaikulu ili m'manja mwanu.

Kwathu ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma fodya ndi wosasowa, koma utsi wake umachepetsa mpweya wabwino wofika pabala. Bungwe la WHO limati wosiya fodya milungu 4 kapena kuposerapo opaleshoni isanachitike amakumana ndi mavuto ochepa. Ngati muli ndi matenda a shuga, kayezetseni msanga, chifukwa shuga wokwera amachedwetsa kupola. Idyani nyemba, soya, mtedza, ndiwo zamasamba ndi zipatso. Musadzimete ndi lezala pamalo odzang'ambidwa, pakuti timabala ta lezala timalowetsa tizilombo.

Mukabwerera kunyumba, sambani m'manja ndi sopo musanagwire pabala. Osathirapo phulusa kapena mankhwala azitsamba. Bala likafiira, kutupa, kutuluka mafinya kapena kuyamba kutseguka, kapenanso thupi likatentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira tsiku limene analemba m'buku lanu la kuchipatala.

Thupili n'kachisi wa Mulungu. Dokotala asoke mbali yake, inunso musamale yanu.