Dzino la mwana si lothamangira kuzula

Amayi anzanga, mwana akagona akulira ndi dzino, ambirife mawu athu ndi amodzi: "Akangolizula, limera lina." Mawuwa ataitsa ana athu mano ambiri kuno ku Chipoka, chifukwa si dzino lililonse la mwana limene limameranso.

Mwana akafika zaka 6, kumapeto kwa mano ake aumwana kumamera mano achibwano anayi, popanda lina kugweluka. Amenewa ndi achikulire kale. Akazulidwa, basi, patsala gwelu mpaka ukalamba. Nawo mano akutsogolo achikulire amamera pa zaka 6 mpaka 8.

Dzino likangomera, muzu wake umakhala usanakhwime. Umatenga zaka pafupifupi zitatu kuti umalize kukula. Likabooka ndi maswiti, kapena likabenthuka mwana atagwa pamiyala kunyanja, tizilombo timalowa n'kupha kanyama kofewa ka m'kati mwake. Muzu umalekera pomwepo kukula, n'kukhala waufupi, wosachedwa kuthyoka.

Kuyambira cha m'ma 2001, madokotala a mano akhala akupulumutsa mano otere. Amatsuka m'kati mwa dzino, kuikamo mankhwala opha tizilombo, n'kutseka. Pakapita masabata angapo, mafinya atatha, amabaya pang'ono kunsonga ya muzu kuti magazi a mwanayo adzaze mphakoyo. Magaziwo amabwera ndi maselo otha kumanga minofu yatsopano. Akaundana, adokotala amamata pamwamba. Nthawi zambiri chotupa chimapola, ndipo mwa ana ena muzu umapitiriza kukula ndi kulimba.

Wina anena kuti, "Zimenezo n'za m'tauni. Kuzula n'kwa tsiku limodzi, pomwe izi zifuna ulendo kangapo, ndalama ya basi ilibe pochokera." N'zoona. Chithandizochi chimafuna X-ray ndi dokotala wodziwa, ndipo dzino lowoleratu silipulumuka. Koma tiyerekeze: ulendo wa ku Salima kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndi zaka makumi asanu za kutafunira mbali imodzi, chodula n'chiti? Komanso zinthu zikusintha. Kuyambira 2019, madokotala a mano akuphunzitsidwa konkuno ku Malawi, pa sukulu imene lero ndi KUHeS.

Pempho langa ndi ili. Mwezi uliwonse muyang'aneni mwana m'kamwa pakuwala. Mukaona kabowo, dzino lakuda, kapena kachithupsa pa nkhama, musangomupatsa panado. Pitani naye kuchipatala sabata yomweyo. Asanazule, funsani mwaulemu: "Adokotala, kodi dzinoli ndi laumwana kapena lachikulire? Silingapulumuke? Ngati pano sizitheka, mungatilembere kalata yopita kwina?"

Tsaya likatupa ndipo thupi latentha, musagone naye. Pitani tsiku lomwelo.

Pa gulu lathu timasonkherana za maliro ndi zaukwati. Tingalephere kusonkha ya basi kuti mwana wa mnzathu asataye dzino? M'mera mpoyamba, amayi.