Cholakwitsa wophunzira pa mayeso a ndege chimaphanso akatswiri

M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, utsi wa moto wolusa ukadzaza mlengalenga, munthu woima pa doko la Monkey Bay amavutika kuona pomwe nyanja yathera ndi pomwe thambo layambira. Asodzi a usipa adazizolowera zimenezi. Koma kwa woyendetsa kandege kopita ku bwalo la Club Makokola kapena la Monkey Bay, uwu ndi msampha, chifukwa mzere wolekanitsa madzi ndi thambo ndiwo umamuuza ngati mapiko ali chilili kapena apendekeka.

N'chifukwa chake pali mayeso apadera a kuyendetsa ndege poyang'ana zida za m'kati zokha. Malamulo a bungwe la ICAO amafuna kuti wophunzira ayambe wakwanitsa maola osachepera 40 a maphunziro otere. Pa tsiku la mayeso amamutchinga kumaso kuti asaone panja. Ndege isakwere kapena kutsika kupitirira mamita pafupifupi 30 kuchoka pamulingo womwe wapatsidwa, ndipo pokatera asatsike ngakhale pang'ono kubzola malire otsiriza ngati bwalo silikuoneka.

Zolakwa za ophunzira n'zodziwika kale. Wina maso amakakamira pa chida chimodzi, ndege n'kumatsika iye akulimbana ndi kampasi. Wina amatchera molakwika chida choyezera kutalika, n'kumadziona ali pamwamba pomwe phiri lili pafupi. Koma cholakwa chachikulu ndi kukhulupirira thupi. Ndege ikamakhota pang'onopang'ono kwa kanthawi, timadzi ta m'kati mwa khutu timakhazikika, ndipo ubongo umanena kuti ulendo ukuongoka. Woyendetsa akawongoladi ndegeyo amamva ngati ayipendeketsa, choncho amaibwezera komwe kuli ngozi. Mu 1954 akatswiri a pa University of Illinois adayesa oyendetsa ndege 20 osaphunzira za zidazi. Onse adalephera kuigwira ndege atangowatchinga maso, ndipo pa avereji zidamutengera aliyense masekondi 178 okha. John F. Kennedy Jr. adafa imfa yotere pa 16 Julayi 1999, pamodzi ndi mkazi wake ndi mlamu wake, akuuluka usiku pamwamba pa nyanja pafupi ndi Martha's Vineyard. Anali asanapate chiphaso chimenechi.

Amalawi safunika kupita kutali choncho. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 idagwa m'nkhalango ya Chikangawa popita ku Mzuzu, ndi kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu. Bungwe lofufuza ngozi za ndege la ku Germany, BFU, lidapeza kuti ndegeyo idapitiriza ulendo ikuuluka m'munsi pakati pa mitambo ndi chifunga mpaka idawomba mtunda. Ena sadakhutirebe ndi lipotilo, ndipo mkangano wake ndi wa tsiku lina. Chomwe chikuoneka n'chakuti awa sanali ophunzira, koma chomwe lipotilo likufotokoza n'chofanana ndi chomwe woyesa amalepheretsera wophunzira: kutsika kukafunafuna nthaka m'malo mokwera ndi kubwerera.

Apa ndi pomwe mayeso amaperewera. Amatha kuyesa manja ndi maso, koma n'kovuta kuyesa ngati munthu adzatha kuuza bwana wokhala kumbuyo kuti ulendo wakanika. Luso la zidali limathanso msanga ngati silikugwiritsidwa ntchito, ndiye chifukwa m'maiko ambiri chiphasochi amachiyesanso chaka ndi chaka. Bungwe la Malawi Civil Aviation Authority lili ndi udindo woonetsetsa zimenezi pa ndege za anthu wamba, koma pangano la Chicago la 1944 silikhudza ndege za asilikali, zomwe zimadziyang'anira zokha. Mu Dornier ija munalibe zida zojambulira mawu ndi kayendedwe ka ndege, ndipo batire la kachida kolozera pomwe ndege yagwera lidatha ntchito mu 2004.

Ku Mangochi nkhaniyi ikukhudza malonda. Maboma osiyanasiyana akhala akulonjeza bwalo lalikulu la ndege m'bomali pofuna kukopa alendo opita ku Cape Maclear ndi mahotela a m'mbali mwa nyanja. Zokamba zambiri zimathera pa malo ndi ndalama zomangira. Timabwalo tomwe tilipo lero tilibe zida zotsogolera ndege potera m'chifunga, pomwe mapiri a Nankumba ali pompo pamphepete pa madzi. Ngakhale wokhoza mayeso bwino bwanji, akafika pa bwalo lotere amayenera kutera ndi maso, ndipo chomwe angadalire asananyamuke ku Lilongwe kapena ku Chileka ndi uthenga woona wa momwe nyengo ilili kunyanja pa ola limenelo.