Pepala la pa Pholo ndi Mphunzitsi wa Pansi pa Mango

Sabata yatha, ndikudikira minibasi ya ku Bolero pa Rumphi boma, maso anga anagwera pa pepala lomatidwa pa pholo la magetsi. Mkulu wina amalengeza za patitaimu. Anandandalika masatifiketi ake onse, sukulu zimene anaphunzitsako, ndipo pansi penipeni, m'zilembo zikuluzikulu, analonjeza kuti mwana aliyense wodutsa m'manja mwake akhoza MSCE. Aliyense! Ngakhale sing'anga wa pamsika amasiyako kampata kothawira.

Ndinaseka, koma kuseka kunandithera m'minibasi muja nditakumbukira mdzukulu wanga wa Fomu 2. Chaka chatha tinamulipirira patitaimu kwa munthu wamapepala ngati ameneyu. Mwana amabwerako makope atadzaza, mayankho a mayeso akale a MANEB ataloweza ngati katekisimu. Tsiku lina bambo ake anamupempha awerengetse kuti mabelo awo a fodya abweretsa zingati akachotsa ngongole ya feteleza. Anangoti kakasi, bolopeni ili m'kamwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene chimandiwawa n'chakuti izi zikuchitika ku Rumphi. Kwina ndikanamvetsa. Kuno n'kumene Dr Robert Laws anakwera phiri la Khondowe mu 1894 n'kuyambitsa Overtoun Institution, sukulu imene inkasula aphunzitsi, akalipentala, amisiri omanga ndi osindikiza mabuku pamalo amodzi. Wophunzira ankagwira buku, ankagwiranso khasu ndi sowo. Sindikunena kuti amishoni anali angelo, ayi, koma munthu wotuluka kumeneko ankatha kuchita chimene pepala lake limanena. Clements Kadalie anaphunzira uphunzitsi pomwepo, ndipo pofika 1919 anali atayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town, azungu akugona tulo ta maso. Amene uja analoweza mayankho a mayeso akale ati?

Ine mlandu ndimauyambira mu 1994. Pulaimale yaulere inali nzeru yabwino, palibe angatsutse, koma ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni nthawi imodzi, ndipo boma linatola aphunzitsi masauzande, kuwaphunzitsa masabata owerengeka, n'kuwapatsa choko. Kalasi ikasefukira, mphunzitsi amangolemba pabolodi, ana n'kumakopera. Ana okopera aja ndiwo akuphunzitsa lero, ndipo ena ndi amene akumata mapepala m'mapholo.

Mdzukulu uja tinamusamutsira kwa gogo wina wopuma pantchito. Alibe pepala pa pholo lililonse. Ndi mmodzi wa aphunzitsi amene anapakiridwa m'malole mu 1989, pamene Kamuzu analamula kuti mphunzitsi aliyense akaphunzitse kuchigawo cha kwawo. Nkhani imeneyo saikonda. Ukaiyamba amangoti "vyakale ivyo" n'kusintha nkhani. Anthu onse m'mudzimo amangowatchula kuti asambizgi, kutanthauza aphunzitsi.

Ndinapita kukaonerera tsiku lina. Kalasi yawo ndi mpando wandalema ndi mkeka pansi pa mango. Anamupatsa mdzukulu wangayo chingwe kuti akayeze dimba la kuseri kwa nyumba, abwere anene kukula kwake. Anabwera ndi yankho lolakwika. Ine pakamwa panayamba kuyabwa, ndimafuna ndimuuze. Gogo anangondiyang'ana ndi diso limodzi, ndinakhala chete ngati mwana wa Sitandade 1.

"Wapeza bwanji, mwana wanga? Tandionetsa."

Anayamba kufotokoza, akulemba ndi kamtengo pansi, ndipo ali pakati anaima yekha. "Aaa, ndaphatikiza m'malo mochulukitsa!" Gogo sanayamikire, sanakalipe. Anangomupatsanso chingwe chija. Ola lathunthu linathera pa samu ziwiri zokha, ndipo ndivomere kuti mumtima ndinawerengetsa ndalama yanga. Koma samu ziwirizo mpaka lero sanaziiwale, ndipo mabelo a chaka chino wawerengetsa ndi iyeyo.

Mukudziwa nonse kuti ife makolo ndife timawononga. Tikafuna mbuzi timaigwira nthiti, kuiyang'ana m'kamwa, kuiyendetsa kaye. Koma mphunzitsi wa mwana timamugula pa pholo. Timafunsa kuti ali ndi digiri ya kuti, ya ku Chancellor kapena ya ku Livingstonia, kenako timatumiza ndalama pafoni, basi. Digiri ndi yabwino, inenso ndimaisirira, koma siinena ngati mwini wakeyo amatha kudikira mwana akulakwitsa.

Choncho inu a ku Mhuju, Hewe ndi Nchenachena amene mukusaka patitaimu teremu ikubwerayi, musanalipire pemphani kukhala nawo m'kalasi tsiku limodzi lokha. Khalani kumbuyo, muwerenge kuti mwana wanu watsegula pakamwa kangati. Mphunzitsi akakana kuti muonerere, bwererani ndi ndalama yanu.