Leverage ndi kaloba wa m'foni

Nyengo yogulitsa chimanga ikafika, ndalama za ku FRA zikangolowa kwa alimi a kwa Bundabunda, mafoni ochokera ku tauni amayamba kulira. Mwana wa ku Chelstone kapena ku Mtendere auza makolo kuti: "Tumizani K500 chabe, pofika Lachisanu izakhala K5,000." Akuti wapeza njira ya crypto. Ine sindidana ndi crypto, koma ndikufuna tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu akuziika m'thumba limodzi.

Choyamba ndi kugula n'kusunga. Mwagula Bitcoin wa K500. Mtengo ukatsika ndi 5 peresenti, muli ndi K475, koma Bitcoin wanu akadali m'manja mwanu. Mungathe kudikira.

Chachiwiri ndi chimene anyamata amatcha leverage. Muika K500 yomweyo, kampani n'kukulolani kusewera ngati muli ndi K10,000. Ndiye 20x imene mumaona pa foni ija. Mtengo ukakwera ndi 5 peresenti, mwapeza K500 ina, zikomo kwambiri. Manje ukatsika ndi 5 peresenti yomweyo, K500 yanu yonse yapita. Kompyuta imatseka malonda anu yokha kuti kampani isaluze, ndipo sikufunsani ngati muli maso kapena muli m'tulo. Makampani ena amapereka mpaka 100x. Pamenepo 1 peresenti chabe ikwanira kukutsirizani, ndipo Bitcoin angasunthe motero inu musanatsike minibasi ya ku Chongwe.

Mlimi aliyense wa ku Chinyunyu akudziwa kale nkhaniyi. Amene ali ndi chimanga chake m'nkhokwe, mtengo ukagwa pa nthawi yokolola, amatseka nkhokwe n'kudikira mwezi wa December. Koma amene analima ndi ndalama ya kaloba alibe mphamvu yodikira. Tsiku likakwana, mwini ndalama ali pakhomo, chimanga chipita pa mtengo uliwonse. Chimene ngongole imakulandani ndi nthawi.

Onani mbiri yake. Mu November 2021 Bitcoin mmodzi anafika pafupifupi madola 69,000. Mu November 2022 anagwa mpaka pansi pa madola 16,000. Mu December 2024 anadutsa madola 100,000. Amene anagula pamwamba n'kusunga anavutika mtima zaka zingapo, koma anabwerera. Wa 20x amene anagula tsiku lomwelo anatsitsidwa pa siteshoni yoyamba, ngakhale kuti maganizo ake akuti mtengo uzakwera anali olondola. Ichi ndicho chifukwa chake bungwe la FCA ku Britain linaletsa mu January 2021 kugulitsa malonda otere a crypto kwa anthu wamba.

Koma musandimve ngati ndikunena kuti kusunga kulibe ngozi. Mu May 2022 ndalama yotchedwa Luna inagwa n'kukhala yopanda pake m'masiku ochepa, ndipo oisunga sanapindule kanthu ndi kudekha kwawo. Mu November chaka chomwecho kampani ya FTX inagwa ndi ndalama za makasitomala ake mkati. Kuno kwathu Bank of Zambia inachenjeza kale mu 2018 kuti crypto si ndalama yovomerezeka ya dziko lino, ndipo woigwiritsa nchito ngozi ndi yake. Mukaluza, kulibe ofesi pa Cairo Road imene izakubwezereni.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Ngati mwangoyamba kumene, batani la leverage musaligwire n'komwe. Ngati mufuna kugula, gulani pang'ono, ndi ndalama imene ikatayika ana sagona ndi njala. Ya lendi, ya feteleza, ya chilimba, ya village banking, zonsezi zili ndi tsiku lake lobwezera, ndipo ndalama yokhala ndi tsiku singadikire zaka zitatu. Wa pa WhatsApp amene amakuonetsani zithunzi za phindu lake, mufunseni akuonetseni za mwezi wonse.

Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Inu a m'tauni, ndalama ya makolo anu yatenga chaka chathunthu cha khasu ndi mvula yosadalirika. Musaiike pamalo pamene ingathe usiku umodzi iwo ali m'tulo.