Dongle ikakana kugwira pa Linux ku Kasinje

Makompyuta ambiri amene amafika m'masukulu ndi m'maofesi a kumidzi amakhala atagwira kale ntchito zaka zambiri kwina, moti Windows yatsopano imawalemera. Odziwa zinthu amawaikira Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsera kompyuta imene Linus Torvalds anayamba kulemba mu 1991. Kompyuta imadzuka, makalata nkumalembeka bwinobwino. Mutu umayamba kuwawa tsiku limene mphunzitsi kapena kalaliki wa pa Kasinje, m'chigwa cha Bwanje, wagula bandulo, walowetsa dongle, koma intaneti osabwera. Apo anthu amathamangira kunena kuti netiweki yathawa kapena dongle yapsa. Nthawi zambiri zonse ziwirizi zimakhala zili bwino.

Vutoli ndi lakale kuposa ma dongle. Pamene MalawiNet inayamba kugulitsa intaneti m'dziko muno mu 1997, munthu ankalumikiza kompyuta ku foni ya nthambo kudzera pa modemu, imene inkaimba nambala nkumalira mokwiyitsa makutu isanagwirizane ndi inzake ya kutsidya. Ikathamanga kwambiri inkafika 56 kbit pa sekondi, ndipo chithunzi cha 1 MB chinkadya mphindi ziwiri ndi theka, pamene foni ya panyumba yonse ili yotsekeka. CD imodzi ya 700 MB ikanafuna kuposa tsiku lathunthu. Nchifukwa chake ambiri analandira Ubuntu, mtundu wina wa Linux, kudzera pa positi: kampani ya Canonical, ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa, inkatumiza ma CD aulere mpaka 2011. Mafoni a nthambo anali a m'tauni ndi pa maboma, choncho midzi yambiri inadumpha nyengo imeneyi.

Amene anali nawo anakumana ndi chilombo chotchedwa Winmodem. Pofuna kutchipitsa katundu, opanga anachotsa zipangizo zina m'modemu nkusiya ntchito yake m'manja mwa pulogalamu yapadera, ndipo pulogalamuyo anailembera Windows yokha. Pa Linux modemu yotereyi inkangokhala duu. Mankhwala ake odalirika anali kugula modemu ya kunja kwa kompyuta, ya nyali zophethira, yolumikiza pa serial port.

Ma dongle a Huawei ndi ZTE amene TNM ndi Airtel anafalitsa anabwera ndi kachinyengo kofananako. Ambiri a iwo akalowetsedwa koyamba sadziulula kuti ndi modemu. Amadzionetsa ngati CD yokhala ndi pulogalamu ya Windows, imene ikatha kudziika imawauza kuti asinthe. Linux siiyendetsa pulogalamu imeneyo, ndiye dongle imakhalabe CD mpaka kalekale. Apa mpamene munthu ayenera kutsegula terminal nkulemba lsusb. Dzina la dongle likaoneka pa mndandanda, ndiye kuti siinapse. Kenako ayang'ane ngati pali /dev/ttyUSB0, chizindikiro chakuti Linux yaiona ngati modemu. Ngati palibe, chosoweka ndi usb_modeswitch, kapulogalamu kamene ntchito yake ndi imodzi basi: kutumiza uthenga wosintha CD yabodzayo kukhala modemu. Ubuntu ya masiku ano imabwera nako kale, koma kompyuta yamphatso yoikidwa Linux yakalekale ikhoza kukhala ilibe.

Chodabwitsa nchakuti dongle yakale ya 3G imamvabe chinenero cha modemu za m'ma 1980, malamulo a AT amene kampani ya Hayes ya ku America inayambitsa mu 1981. Munthu akailembera AT kudzera mu pulogalamu ya minicom, yamoyo imayankha OK. Ikayankha, theka la mlandu latha. Ndipo imaimbabe nambala ngati agogo ake aja, kungoti nambala yake ndi *99#, yomwe siiliza foni ya aliyense koma imapempha netiweki kuti itsegule njira ya data. Mapulogalamu akale oimbira modemu, wvdial ndi pppd, amagwirabe ntchito imeneyi.

Zotsala ndi zing'onozing'ono koma zimadya madzulo onse. Simu khadi ikakhala ndi PIN, modemu imayankha OK koma kulumikiza imakana. Kuichotsa PIN-yo pa foni wamba kumathetsa nkhani. APN, dzina la khomo la data la netiweki, ikalembedwa molakwika, ngakhale chilembo chimodzi, netiweki imadula nthawi yomweyo. Wogwiritsa ntchito kompyuta akakhala kuti sali m'gulu la dialout, Linux imamukaniza kukhudza modemu, ndipo uthenga wake sumveka kwa munthu woyamba kumene. Palinso tsiku limene zonse zalumikizika koma tsamba lililonse likukana kutseguka. Pamenepo wolakwa kawirikawiri ndi DNS, ndipo kuyesa ping 8.8.8.8 kumaonetsa msanga: ikayankha, njira ilipo, chasowa ndi chomasulira mayina a masamba kukhala manambala. Bandulo yotha, tisaiwale, imapereka zizindikiro zosokoneza zomwezi, ndipo akatswiri ambiri adazunguzika nazo mutu asanayang'ane balansi.

Chopweteka kwambiri kwa munthu wa pa Kasinje nchakuti kapulogalamu kosowekako kali pa intaneti, pomwe intanetiyo ndi imene akuifuna. Wa ku Blantyre amangodutsa pa ofesi ya mnzake. Wa kuno kale ankayenera kukwera galimoto kupita ku boma la Ntcheu kapena ku Balaka ndi flash m'thumba, nkubwerako atakopera fayilo imodzi, kompyuta nkumuuza kuti ikufunanso zina ziwiri. Mlandu uwu suli pa Linux, komanso suli pa mphunzitsi. Uli pa opanga zipangizo amene anaona kuti kasitomala ndi wa Windows yekha.

Lero njira yachidule ili m'thumba la malaya. Foni ya Android ikalumikizidwa ndi chingwe cha USB nkuyatsa USB tethering, Linux imaiona ngati netiweki ya chingwe popanda kuikamo chilichonse. Mphindi zochepa za bandulo ya pa foni zimakwana kukopera usb_modeswitch ndi zonse zimene imadalira. Ma dongle ena atsopano a Huawei, otchedwa HiLink, nawonso anasiya zoimba nambala: amadzionetsa ngati khadi la netiweki, ndipo PIN ndi APN zimakonzedwa pa browser polemba 192.168.8.1.