Ndalama yolemera ngati ndowa ya madzi

Munthu akamva kuti kuli anthu amene amalipira ndalama zankhaninkhani kugula zidutswa zakale za mkuwa zomwe sizingagule ngakhale mchere, angaganize kuti amenewo chuma chawazunguza mitu. Koma anthu osonkhanitsa ndalama zakale za ku Sweden sakulakwa. Akusunga umboni wa phunziro lomwe dzikolo lidaliphunzira mowawa.

Dziko la Sweden lidali ndi siliva wochepa koma mkuwa wambiri wochokera kumgodi wa Falun. Mu 1624, mfumu Gustav II Adolf idalamula kuti ayambe kusula ndalama zamkuwa, ndipo ndalama iliyonse inkayenera kukhala ndi mkuwa wokwana mtengo wake. Poti mkuwa ndi wotchipa poyerekeza ndi siliva, ndalama zikuluzikulu zidakula mochititsa mantha. Ya madala 10 a kumeneko, yomwe adasula ku Avesta mu 1644, idali chitsulo chafulati cha makona anayi, chodindidwa pakati ndi m'makona, cholemera makilogalamu 19.7. Wokagula katundu wodula ankafunika ngolo yonyamulira ndalama.

Mu 1661, banki ya Johan Palmstruch mumzinda wa Stockholm idatulutsa ndalama zamapepala zoyamba ku Ulaya. Anthu adapumira m'mwamba, osadziwa kuti ndi chikomekome cha mkuyu. Bankiyo idasindikiza mapepala ochuluka kuposa chuma chomwe inkasunga. Anthu atathamangira kukasinthitsa mapepalawo adabwerako chimanjamanja, banki idagwa, Palmstruch naponyedwa m'ndende.

Nkhondo za mfumu Karl XII zitatha chuma cha boma, pakati pa 1715 ndi 1719 kudatuluka tindalama tamkuwa topepuka tomwe anthu ankakakamizidwa kutilandira ngati dala yathunthu. Mfumuyo itamwalira, mtengo wa tindalamato udatsitsidwa, ndipo mlangizi wake, Baron Görtz, adamudula mutu mu 1719.

Apa mpomwe pagona nkhani. Ndalama ikhale yolemera kapena yopepuka, chomwe chimaipatsa mphamvu ndi chikhulupiriro cha anthu mwa oitulutsa. Chikhulupirirocho chikasweka, amalira ndi munthu amene adasunga thukuta lake m'kachikwama.

Boma litasiya kusula zitsulo zikuluzikuluzo mu 1776, zambiri zidagulitsidwa pasikelo n'kusungunulidwa. Zina zomwe zili m'manja mwa osonkhanitsa lero zidapulumuka mwangozi, chifukwa sitima ya ku Denmark yotchedwa Nicobar idamira nazo kugombe la South Africa mu 1783, ndipo akatswiri osambira pansi pa nyanja adazivuula mu 1987.

Wogula zitsulo zakutha amangoona makilogalamu, pomwe wosonkhanitsa amawerenga chaka, dzina la mfumu ndi mavuto a nthawiyo. N'chifukwa chake banja lomwe lapeza peni kapena shereni ya agogo m'sutikesi lisathamangire kusikelo, ndipo lisaikweche ndi mchenga kuti iwale, chifukwa kutero kumafufuta zolemba ndi kutsitsa mtengo wake. Aikulunge bwino, ana adzaione.